Mudzi umene unakana kuonerera anthu akumira

Kugombe la kum'mawa kwa dziko la Scotland, pamtunda wa makilomita pafupifupi 75 kuchokera mumzinda wa Edinburgh, kuli kamudzi ka asodzi kotchedwa St Abbs. Ndi kamudzi kakang'ono ndithu. Anthu okhazikika kumeneko ndi pafupifupi 100, chiwerengero chimene sichingadzaze ngakhale mbali ya amayi m'tchalitchi tsiku la mgonero. Nyumba zake ndi zamiyala, zondanda pamwamba pa phompho, ndipo kunsi kwake kuli doko lozingidwa ndi zipupa zochindikala zotchinga mafunde a nyanja yamchere yotchedwa North Sea. Padokopo pali kanyumba kena kokhala ndi njira yotsetsereka yolowera m'madzi, kamene mlendo angakayese kosungiramo katundu. M'menemo ndimo mumagona boti lopulumutsira anthu pangozi za panyanja, ndipo mbiri ya mudziwu, okondedwa awerengi, yagona pa boti limenelo.

Dzina lakuti St Abbs ndi la mayi wina woopa Mulungu, Ebba, mwana wa mfumu Aethelfrith ya ku Northumbria, mlongo wawo wa mafumu Oswald ndi Oswiu. M'zaka za m'ma 600 mayiyu anasiya ulemerero wa kunyumba yachifumu nakakhazikitsa malo a mapemphero paphiri lolowa m'nyanja, limene lero likutchedwa St Abb's Head. Kumeneko anatsogolera amuna ndi akazi odzipereka kwa Mulungu kufikira imfa yake m'chaka cha 683.

Mudzi wa asodzi unadza mochedwa kwambiri. Kwa zaka mazana ambiri pagombepo panalibe nyumba. Asodzi ankakhala kumtunda, m'mudzi wa Coldingham, ndipo m'bandakucha uliwonse ankatsika mtunda woposa makilomita 2 atasenza zingwe ndi nyambo, madzulo n'kukweranso chitunda chomwecho atasenza nsomba m'madengu. Kanjira kawo kalipobe ndipo kamatchedwa Creel Path, ndiye kuti njira ya madengu. Nyumba zinayamba kumangidwa kumadziko cha pakati pa zaka za m'ma 1700, ndipo malowo ankangodziwika kuti Coldingham Shore, gombe la anthu a ku Coldingham.

Usodzi wa masiku amenewo sinali ntchito ya bambo yekha. M'nyengo yachisanu ankapha nsomba zotchedwa haddock ndi cod ndi zingwe zitalizitali, chingwe chimodzi chokhala ndi mbedza mazanamazana, mwinanso kuposa 1,000. Mbedza iliyonse inkafuna nyambo yakeyake. Nyamboyo inali nkhono za m'nyanja, ndipo amayi ndi ana aakazi ndiwo ankatola, kuswa ndi kukoleka pambedza imodziimodzi, kuyambira usiku nyali ili kuyaka, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira. Akatha ankayala chingwecho mwaluso m'dengu kuti chisakakolane pochiponya m'madzi. Nyengo yotentha ikafika amuna ankatsata nsomba za herring ndi maukonde, amayi n'kumatumbula ndi kuziyala m'migolo pamodzi ndi mchere. N'chifukwa chake mnyamata wa m'banja la asodzi kawirikawiri ankakwatira mwana wa msodzi mnzake. Mtsikana wakumunda, kaya akongole bwanji, sakanatha kukoleka mbedza 1,000 kusanache.

M'ngalawa imodzi munkakwera amuna 6 kapena 7, ndipo nthawi zambiri anali apachibale okhaokha: bambo, ana ake, mlamu, msuweni. Zimene apeza ankagawana m'magawo, gawo lina n'kukhala la ngalawa ndi zida. Dongosolo limeneli linali ndi ubwino wake, pakuti panalibe bwana ndi wantchito, ndipo munthu sachita ulesi pamaso pa atate ake. Koma linali ndi choopsa chimodzi chimene aliyense ankachidziwa, osachitchula. Ngalawa ikamira, si munthu mmodzi amene wapita. Ndi mbumba yonse ya amuna a nyumba imodzi, tsiku limodzi.

Anthu okhala pafupi chotere ndi imfa amakhala ndi miyambo yambiri, ina yomveka, ina yoseketsa. Asodzi ambiri a m'magombe a Scotland sankapita kunyanja pa Sabata, zivute zitani. Koma asodzi omwewo ankakhulupirira kuti kukumana ndi mbusa panjira yopita kudoko ndi tsoka, moti ena ankabwerera kunyumba n'kuyambanso ulendo, ndipo mawu akuti mbusa kapena nkhumba sankatchulidwa m'ngalawa. Ife ovala kolala tingoseka kuti anatiika m'khola limodzi ndi nkhumba. Koma poona zimene zinachitika pakati pa asodzi ndi mpingo m'dera limeneli, kusekako kumachepa.

Tsiku limene gombe lonselo silidzaiwala ndi Lachisanu pa 14 Okutobala 1881. Eni ake amalitcha Black Friday, kutanthauza Lachisanu la mdima, osati ija ya masiku ano yotsitsa mitengo m'masitolo. Kwa masiku angapo nyengo inali yoipa, ngalawa zili zomangirira padoko, m'nyumba zambiri chakudya chikutha. M'mawa wa tsikulo kunacha bwino, dzuwa likuwala, nyanja ili bata ngati madzi a m'mbale. Koma chipangizo cholosera nyengo, chotchedwa barometer, chinali chitatsika kwambiri, ndipo aliyense wodziwa nyanja anazindikira tanthauzo lake. Ku Eyemouth, tauni ya asodzi yoyandikana ndi Coldingham Shore chakummwera, kunali mwambo wakuti ngalawa imodzi ikamasula chingwe, zonse zimatsatira. Imodzi inamasula. Zonse zinakweza matanga.

Cha kumasana, asodzi ali mkati moponya zingwe, kunja kunada mwadzidzidzi ndipo namondwe anagwa. Ngalawa zina zinagubuduzika nthawi yomweyo, eni ake asanatsitse n'komwe matanga. Amene anathawira kunyanja yakuya, kutali ndi mtunda, ambiri mwa iwo anapulumuka. Ngalawa ina yotchedwa Ariel Gazelle inatulukira padoko patapita masiku 2, anthu ake onse ali moyo. Amene anachita chimene mtima wa munthu aliyense umamuuza, ndiko kuthamangira kwawo, ndiwo anakumana nazo. Pakhomo pa doko la Eyemouth pali matanthwe otchedwa Hurkars, ndipo mafunde anazimenyetsa ngalawazo pamenepo. Akazi, ana ndi nkhalamba anali ataima pagombe, pafupi kotero kuti ankazindikira ngalawa ya kwawo, koma panalibe chimene akanachita.

Asodzi 189 anatha tsiku limenelo. Mwa iwo 129 anali a ku Eyemouth, ndipo anasiya akazi amasiye 78 ndi ana 182. Mudzi wa Burnmouth unataya amuna 24. Kamudzi ka Cove kanataya 11 mwa asodzi ake 21. Coldingham Shore inataya 3, chiwerengero chooneka chochepa pamndandanda, koma m'mudzi wa nyumba zowerengeka maliro atatu a tsiku limodzi sasiya khomo lopanda misozi. Anthu a m'dziko lonse la Britain anasonkha mapaundi oposa 50,000 othandizira amasiyewo, ndipo Mfumukazi Victoria inaponyapo yake.

Mwambo uja wakuti wina akapita tonse tipita uyenera kuti tiuyang'anitsitse. Timakonda kuyamikira umodzi, ndipo tikati mutu umodzi susenza denga timanena zoona. Mwambowo unabadwa pa chifukwa chabwino: ngalawa zikakhala pamodzi, ina ikapeza vuto ina imathandiza, ndiponso palibe banja limene limadya nsomba anzawo akugona ndi njala. Koma pa 14 Okutobala umodzi womwewo unatseka pakamwa anthu amene ankadziwa kuti kunja sikuli bwino. Panalibe mwamuna wofuna kutchedwa wamantha pamaso pa anzake. Umodzi umene sulola munthu mmodzi kunena kuti abale tiyeni tidikire umasanduka chingwe chomangira anthu onse ku mwala umodzi.

Palinso funso lina limene limawawa kwa ife a mpingo. N'chifukwa chiyani doko la Eyemouth linali losazama ndi loopsa polowera, pamene asodzi ake anali otchuka pakupha nsomba? Mbali ina ya yankho ili pa mkangano wa chakhumi. Lamulo lakale linkalola mbusa wa mpingo wa Church of Scotland kulandira gawo la nsomba zimene asodzi apha. M'madera ena mwambowu unali utafa kale, koma ku Eyemouth unkakakamizidwabe pakati pa zaka za m'ma 1800. Chopweteka chinali chakuti m'chaka cha 1843 mpingowo unagawanika, anthu ambiri natuluka kukayambitsa Free Church of Scotland, ndipo asodzi ambiri ankapemphera kumipingo ina. Komabe lamulo linkati alipire kwa mbusa amene sankamumvera ulaliki. Msodzi wina, William Spears, amene anzake ankamutcha Kingfisher, anatsogolera anthu kukana. Panali milandu, kulandidwa katundu ndi zipolowe, kufikira m'zaka za m'ma 1860 pamene asodziwo anavomera kulipira ndalama zambiri kamodzi n'kamodzi kuti chakhumicho chithe.

Olemba mbiri, monga Peter Aitchison amene ndi wa mbumba ya Spears, amanena kuti zaka ndi ndalama zimene zinathera pa mkanganowu zikanatha kukonza doko, ndiponso kuti mbiri ya kupanduka inachititsa akuluakulu a boma kuzengereza kuthandiza tauniyo. Doko linakonzedwa pambuyo pa ngozi, oyenera kulowamo ali kale pansi pa nyanja. Tisaiyese nkhani ya anthu akutali. Mipingo iwiri ija ndiyo inatumiza amishoni ku Livingstonia m'chaka cha 1875 ndi ku Blantyre m'chaka cha 1876. Inali ndi anthu olimba mtima amene anasiya mafupa awo m'dziko lino, komanso inali ndi zilema zake kwawo, monga mpingo uliwonse wa anthu.

Ngozi itachitika panapezeka ena onena kuti chinali chilango cha Mulungu pa anthu okana chakhumi. Mawu otere ndi opepuka pakamwa, koma ndi olemera m'khutu la mayi wotsala ndi ana 6. Pa Luka 13 Ambuye anakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakana poyera maganizo akuti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo. Chimene chinapha asodzi aja ndi mphepo, njala imene inawatulutsa m'nyumba, manyazi amene anawaletsa kubwerera, ndi doko limene linalephera kuwalandira. Pa zinayi zimenezi, ndi mphepo yokha imene sinali m'manja mwa anthu. Lero tchalitchi chakale cha ku Eyemouth ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo m'katimo muli nsalu yaitali yopetedwa ndi manja imene anthu a m'deralo anaikonza pokumbukira kuti patha zaka 100 chichitikire ngoziyo. Panja pake, pabwalo, paima chipilala cha William Spears.

Tibwerere ku kamudzi kathu. Patapita zaka zochepa, munthu wina wachuma wa ku Edinburgh, Andrew Usher, anagula malo a Northfield oyandikana ndi gombelo. Chuma chake chinachokera ku malonda a kachasu wa ku Scotland, wotchedwa whisky, ndipo ndi yemweyo amene anapereka ndalama zomangira holo yotchuka ya Usher Hall mumzinda wa Edinburgh. Iye anakulitsa doko, namanga sukulu, holo ya mudzi ndi tchalitchi, ndipo m'zaka za m'ma 1890 mudziwo unasiya dzina la Coldingham Shore n'kutenga la St Abbs. Za ndalama za mowa zomangira nyumba ya Mulungu, akulu a mpingo angathe kukambirana mpaka dzuwa kulowa. Asodzi anangoona kuti tsopano ali ndi khoma lotchinga mafunde.

Koma khoma limateteza amene ali m'kati. Usiku wina m'mwezi wa Okutobala 1907, kuli nkhungu yoti munthu sangaone dzanja lake, sitima ya ku Denmark yotchedwa Alfred Erlandsen, itanyamula mitengo yochirikizira migodi, inagunda matanthwe a Ebb Carrs, pafupi kwambiri ndi doko la St Abbs. Anthu a m'mudzi anadzuka nathamangira kuphompho. Ankamva kukuwa kwa amalinyero mumdimamo, koma mudziwo unalibe boti lotha kulimbana ndi mafunde otere. Uthenga unatumizidwa ku Eyemouth ndi kudera la Dunbar, kumene kunali maboti opulumutsira anthu. Maboti a nthawi imeneyo anali opalasa ndi nkhafi, ndipo pamene ankafika kukuwa kuja kunali kutaleka. Onse a m'sitimamo anafa. Chamoyo chokha chimene chinafika kumtunda chinali galu.

Amalinyerowo sanali abale a munthu aliyense wa ku St Abbs. Chilankhulo chawo chinali china, ndipo maina awo sankadziwika m'mudzimo. Anthu akanatha kunena kuti tsoka silinunkha, n'kubwerera kukagona. Koma ambiri mwa amene anaima paphompho usiku umenewo anali ana kapena achinyamata m'chaka cha 1881, ndipo ankadziwa kuti kuonerera munthu akumira, manja ali lende, ndi bala limene silipola.

Pakati pawo panali mayi wina, Jane Hay, wobadwira ku Leith m'chaka cha 1864, amene ankadziwika ndi ntchito zothandiza osauka ndi ana amasiye asanasamukire kumudziko. Iye sanalole kuti nkhaniyo ithere pa maliro. Analemba makalata, nasonkhanitsa anthu, naumiriza bungwe loyang'anira maboti opulumutsira anthu la Royal National Lifeboat Institution, mwachidule RNLI, kufikira linavomera. M'chaka cha 1911 St Abbs inalandira boti lake loyamba, lotchedwa Helen Smitton, ndipo linali la injini, chinthu chimene chinali chatsopano masiku amenewo. Jane Hay anakhala mlembi wa ntchitoyo pamudzipo mpaka imfa yake m'chaka cha 1914, ndipo limodzi mwa maboti amene anadza pambuyo pake linapatsidwa dzina lake.

Ndi bwino kumvetsa mmene ntchito imeneyi imayendera. Bungwe la RNLI linayamba m'chaka cha 1824 ndipo si la boma. Limayendera zopereka za anthu, ndipo ambiri mwa okwera maboti ake salandira malipiro. Ndi asodzi, amisiri, ogulitsa m'sitolo, aphunzitsi, amene chizindikiro chikalira amasiya supuni m'mbale, kapena kudzuka pakati pa usiku, n'kuthamangira kudoko osadziwa kuti akukapulumutsa yani. M'mudzi wa anthu 100, zimenezi zikutanthauza kuti pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi wina wokhudzidwa: uyu amakwera, uyu amakankha boti, uyu amakonza injini, uyu amaphika tiyi wa obwera atanyowa, uyu amagulitsa makeke kuti mafuta apezeke. Mwana amakula akuona atate ake akuthamanga, ndipo tsiku lina amapezeka akuthamanga pambali pawo. Kwa zaka 104 umu ndi mmene anthu a ku St Abbs ankakhalira.

M'zaka zimenezo zambiri zinasintha. Nsomba za herring zinachepa chifukwa chophedwa mopitirira muyeso, moti m'chaka cha 1977 usodzi wake unaletsedwa mu North Sea kwa zaka zingapo. Maboti ochepa amene atsala ku St Abbs amatchera miono ya nkhanu ndi lobster. Sukulu ija inatsekedwa, ndipo nyumba yake ndi malo okumaniranapo anthu a m'mudzi. Nyumba zambiri zinagulidwa ndi anthu a m'mizinda amene amabwera patchuthi pokha. M'malo mwa nsomba kunabwera alendo. Ena amadzaona mbalame za m'nyanja zikwizikwi zimene zimaswera m'maphompho a St Abb's Head, pafupi ndi nsanja younikira sitima imene inamangidwa m'chaka cha 1862. Ena anayamba kubwera atatuluka kanema wa Avengers: Endgame m'chaka cha 2019, amene mbali ina inajambulidwa pamudzipo. Koma gulu lofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi la anthu okonda kusambira pansi pa nyanja atabereka mabotolo a mpweya kumsana. Madzi a kumeneko ndi oyera, odzala ndi zamoyo, ndipo m'chaka cha 1984 anthu a m'deralo anagwirizana mwa kufuna kwawo kuti awasamale ngati malo otetezedwa. Osambira oterewa amabwera ambirimbiri chaka chilichonse, ndipo wina zikamuvuta pansi pa madzi ozizira amenewo, moyo wake umawerengedwa m'mphindi.

M'chaka cha 2015 bungwe la RNLI linalengeza kuti litseka ntchito yake ku St Abbs. Tisafulumire kuliweruza. Bungwe lokhala ndi malo oposa 230 m'magombe a Britain ndi Ireland liyenera kuwerenga ndalama za opereka mosamala, ndipo mfundo yake inali yomveka: Eyemouth ili pamtunda wa makilomita osakwana 5, ili kale ndi boti lalikulu, ndipo bungwelo linalonjeza kuikako linanso laling'ono lothamanga. Pamapu, malo awiri oyandikana chotere amaoneka ngati kuwononga chuma. Anthu a ku St Abbs anayankha kuti mapu sasonyeza mphindi, ndiponso sasonyeza zimene zili m'mitu ya anthu amene anakulira pakati pa matanthwe amenewo, odziwa mpata uliwonse ndi mmene madzi amakokera nyanja ikamadzala kapena kuphwa. Anthu oposa 13,000 anasaina chikalata chopempha kuti ganizolo lisinthidwe. Silinasinthidwe. M'mwezi wa Seputembala 2015 boti linachotsedwa, ndipo kanyumba kaja kanatsala kopanda kanthu.

Kunena zoona, mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, koma panali chinthu chimodzi chimene owerengera ali kutali sakanatha kuchiyika pasikelo. Iwo ankafunsa kuti, kodi gombe ili lingatetezedwe ndi maboti angati? Anthu a m'mudzi ankafunsa funso lina: kodi ife tidzaimanso paphompho, kumva munthu akukuwa, n'kumadikira thandizo lochokera kwina monga anachitira agogo athu m'chaka cha 1907? Funso loyamba limayankhidwa ndi masamu, ndipo masamuwo angathe kukhala olondola. Lachiwiri linayankhidwa kale ndi anthu amene ali m'manda a ku Coldingham.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanathere pa kudandaula. Akanatha kukhala zaka 10 akutukwana bungwe lija m'nyumba zomwera tiyi, monga timachitira anthu tikalandidwa chinthu. M'malo mwake anati pagule fumbi ndiwe mwini, nakhazikitsa bungwe lawolawo loti ligule boti ndi kuliyendetsa popanda RNLI. Kwa mudzi wa anthu 100 zinali ngati nyerere yofuna kusenza chitsa, pakuti pankafunika mapaundi mazana angapo a zikwi. Anayamba ndi zimene anali nazo: kugulitsa malaya, kuyenda maulendo opempha thandizo, mabokosi a zopereka m'masitolo. Osambira pansi pa nyanja, amene ankadziwa kuti botilo ndi la iwo omwe, anaponyapo zawo kuchokera m'madera akutali.

Nkhaniyo inafika m'makutu a Boyd Tunnock, mwini kampani yopanga mabisiketi ya Tunnock's ku Uddingston, kufupi ndi Blantyre wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Mkuluyu, amenenso amakonda kuyenda panyanja, anayamba watumiza mapaundi 10,000, kenaka anaonjeza 250,000. Boti latsopano linapatsidwa dzina lakuti Thomas Tunnock, dzina la agogo ake komanso la mbale wake amene anamwalira, ndipo linayamba ntchito m'mwezi wa Seputembala 2016, patangotha chaka chimodzi chichotsedwere lakale lija. Doko linamangidwa ndi ndalama za kachasu, boti n'kugulidwa ndi za mabisiketi. Wina anganene kuti mudziwo unangochita mwayi kupeza munthu wachuma. Mwayi unalipo, inde. Koma wachumayo anapeza anthu ali kale pantchito, ali ndi okwera boti ophunzitsidwa, kanyumba kosesedwa, ndi buku la zopereka lotsegula. Ndiponso ndalama zake sizikanagula munthu mmodzi wodzuka 2 koloko usiku m'mwezi wa Januwale.

Nkhawa sizinathe. Boti la mudzi lilibe likulu lolitumizira mafuta, zovala zoteteza kumadzi kapena injini yatsopano. Zonsezi ziyenera kusonkhedwa chaka ndi chaka. Ndipo funso lalikulu si la ndalama koma la anthu. Nyumba imene mwini wake amabwera milungu iwiri pachaka siitulutsa wokwera boti. Achinyamata akamalephera kugula nyumba m'mudzi wa makolo awo n'kusamukira kutauni, mtunda wochokera pabedi kukafika padoko umatalika, ndipo mphindi zija zimene mudziwo unkamenyera nkhondo zimatayikira pamsewu. Vuto limeneli lili m'midzi yambiri ya m'magombe a Scotland, ndipo silingathe ndi mphatso ya munthu mmodzi.

Pamwamba pa doko la St Abbs pali tizifanizo tating'ono ta mkuwa ta amayi ndi ana ataima, maso ali kunyanja. Anatiumba ndi mmisiri wina wa m'deralo, Jill Watson, pokumbukira mabanja a amuna atatu aja a 1881, ndipo zina zotere zili ku Cove, ku Burnmouth ndi ku Eyemouth, kumene chachikulu chinavundukulidwa m'chaka cha 2016, chosonyeza mkazi wamasiye aliyense ndi mwana aliyense payekhapayekha. M'mwezi wa Julayi, pa chikondwerero cha Herring Queen chimene chinayamba m'chaka cha 1939, mtsikana wosankhidwa kukhala mfumukazi ya chaka chimenecho amakwera boti padoko la St Abbs n'kuperekezedwa ndi maboti okongoletsedwa kukavekedwa chisoti ku Eyemouth, kudutsa pafupi ndi matanthwe a Ebb Carrs ndi a Hurkars. Masiku ena onse, uthenga wa ngozi ukafika kwa alonda a gombe a boma, iwo amaitana boti limene lili pafupi, ndipo ngozi ikakhala yaikulu boti la mudzi wa St Abbs ndi la RNLI la ku Eyemouth amatuluka onse awiri n'kukasakira limodzi.